Tsamba Lomaliza la Bakha wa pa Siteshoni

A Nesi anali ndi mlandu umodzi wokha ndi malemu bambo awo, ndipo mlanduwo unali wa bakha. Anausunga kuyambira ali kamtsikana kogweluka mano akutsogolo mpaka anapuma pantchito kuchipatala, imvi zili mbuu. Anthu ena amasungira makolo awo chakukhosi chifukwa cha sukulu imene sanawalipirire kapena ukwati umene anawaletsa. A Nesi ankasunga bakha.

Bambo awowo anali kalaliki wogulitsa matikiti pa siteshoni ya sitima, munthu wamfupi, wa pensulo kukhutu, amene akaweruka ankalemba mabuku a ana. Analemba ambiri, koma limene linawatchukitsa linali la bakha wokhala pansi pa thanki ya madzi pa siteshoni. M'mawa uliwonse sitima ikaliza hutala, bakhayo ankatuluka n'kukaima m'mbali mwa njanji, chifuwa patsogolo ngati ndiye bwana wa pamalopo, ndipo woyendetsa sitima ankamuvulira chipewa. Bukuli linalowa m'sukulu, linamasuliridwa m'zinenero zina, ndipo ngakhale wapolisi wa nkhope youma ukamutchulira bakha wa pa siteshoni ankafewa pang'ono. Vuto linali tsamba lomaliza. Patsamba limenelo bakha wakalamba, sitima ikuliza hutala, iye osatuluka.

Tsiku lina a Nesi akuthirira maluwa pakhonde, foni inalira. Anali mkonzi wa ku kampani yosindikiza mabuku a malemuwo, mtsikana wa mawu aulemu. Anati akufuna kulitulutsanso bukulo ndi zithunzi zatsopano, ndipo pali ena amene akufuna kulipangira makatuni. Koma makolo a masiku ano amadandaula, aphunzitsi nawonso, palibe amene akufuna kuti mwana azikagona akulira. Kodi banja lingalole kuti tsamba lomaliza lisinthidwe, bakha akhale ndi moyo? Mawu omaliza anali a a Nesi, popeza udindo wa mabukuwo unasiyidwa m'manja mwawo.

"Mwachedwa," anatero a Nesi. "Ine zimenezi ndinapempha inu musanabadwe. Ndibwera Lachinayi."

Kuti mumvetse mlanduwu muyenera kudziwa mmene kalaliki uja ankagwirira ntchito yake yolemba. Iye sankafunsa mwana ngati nkhani yamukomera. Ankati pakamwa pa mwana pamanama, pamafuna kukondweretsa wamkulu, koma mapazi sadziwa ulemu. Choncho anakapangitsa kwa kalipentala benchi lalitali dala, loti mwana akakhalapo mapazi azilendewera osafika pansi. Benchilo linkakhala kukhitchini, kuseri kwa tebulo. Akalemba tsamba, ankakweza ana pabenchipo, iye n'kukhala mbali inayo, n'kumawerenga mokweza maso akuba pansi pa tebulo. Mapazi akakhala phee, chiganizo chapulumuka. Akangoyamba kugwedezeka, pensulo inkatsika kukhutu n'kuchipha chiganizocho pomwepo, ngakhale chikhale chokongola chotani.

Mkazi wake ankangopukusa mutu. "Ana a anzathu amakhala pamipando," ankatero, "athu amayanikidwa ngati zovala."

Ana a m'nyumba zoyandikana ankabweranso, poganiza kuti kumapeto kukhala maswiti. Maswiti kunalibe. Mlembiyo ankati mwana amene ali ndi switi m'kamwa amagwedeza miyendo ngakhale umuuze kuti nyumba ikupsa, ndiye umboni wake sungadalirike.

Pa ana onsewo woweruza wankhanza anali mwana wake wamkazi, amene anamutcha Kamiyendo. Ameneyu ndiye a Nesi athu asanakule. Miyendo ya Kamiyendo inapha nkhani zambiri. Inapha buku lathunthu la nyani wogulitsa maambulera. Inapha mutu wina umene bakha ankaphunzitsa ana kusamba m'manja asanadye, ndipo dziko liyenera kuithokoza pa chimenecho. Atolankhani akabwera kudzafunsa chinsinsi chake, mlembiyo ankaloza pansi pa tebulo n'kunena kuti bwana wake ali uko.

Ndiye linafika tsiku la tsamba lomaliza. Kunja kunkagwa mvula, mayi ankasita yunifolomu ya bambo pakona, ndipo pabenchi panali Kamiyendo yekha. Bambo anawerenga ndi mawu awo a masiku onse, omwe ankaitanira anthu pawindo la matikiti. Atamaliza, mwanayo misozi inali chuchuchu.

"Ababa, musinthe," anatero. "Akwere sitima. Bwanji osangokwera sitima?"

Bambo anawerama, anayang'ana pansi pa tebulo kwa kanthawi, n'kubwezera pensulo kukhutu.

"Walira, koma mapazi ali phee. Tsambali likhala."

Kwa masiku angapo mwanayo sanawayankhule. Chimene chinamupweteka kwambiri si bakha yekha ayi. Chinali chakuti pamene iye ankalira, bambo ake ankayang'ana pansi pa tebulo m'malo momuyang'ana kumaso. Zimenezo sanaziiwale, ndipo sanakhululuke.

Atakula n'kukhala ndi ana awo, a Nesi ankawawerengera bukulo ngati kholo lina lililonse, kungoti akafika kumapeto ankapana masamba awiri omaliza ndi chala chachikulu n'kupeka zawo. Kunyumba kwawo bakha ankakwera sitima. Zinayenda bwino mpaka mwana wawo wachisamba anabwera kuchokera kusukulu mlomo utatupa, batani la malaya litathothoka. Anamenyana ndi kalasi yonse poumirira kuti iye ndi mdzukulu wa mwini buku, ndipo bakha sanafe.

"Amayi, bakha uja anafa?"

"Pita ukafunse agogo ako."

Mwanayo anapitadi. Agogo ake anamuyang'ana mlomo wotupawo n'kunena kuti, "Anafa. Amayi ako akudziwa bwino, analipo."

Nkhaniyi inatulukanso komaliza m'chipatala. Mlembiyo atakalamba anagonekedwa m'wodi momwe mwana wake ankagwira ntchito. Masana ena a Nesi akuwasinthira diripi, anangoti, "Ababa, bakha uja."

"Udakali naye?"

"Ndakhala m'wodi muno moyo wanga wonse. Imfa ndimaiona tsiku ndi tsiku. Sindikuona chifukwa choipititsira kwa ana m'buku la zithunzi."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Chabwino. Ukadzapeza mathero amene mapazi ako adzakhale nawo phee, udzasinthe. Sindidzakudzukira."

A Nesi anangoti ndi kuuma mutu kwa nkhalamba, n'kukonza pilo. Pasanapite nthawi mkuluyo anamwalira. Pamaliro panadzaza anthu amene banja silinkawadziwa, ena atanyamula mabuku othothoka zikuto, ndipo woyendetsa sitima wina wopuma pantchito anaima kumbuyo chipewa chili m'manja mpaka mwambo unatha. A Nesi sanalire kwenikweni. Panali mipando yoti ibwerekedwe, alendo oti alandiridwe, azakhali oti apatsidwe mankhwala a BP, ndipo munthu wodziwa kuyendetsa zinthu anali iwo.

Lachinayi lija anawatenga mlongo wawo, mzime wa m'banjamo, amene ankayendetsa takisi. Iyeyu pabenchi lija sanakhalitsepo. Ankangoti akakwezedwa tulo n'kumugwira, ndipo bambo anamuchotsa ntchito ponena kuti mapazi a munthu wogona ndi mboni yonama.

"Ndiye lero mukukaukitsa bakha, achemwali?" anafunsa akukhota pamphambano.

"Yang'ana kutsogolo."

"Ine ndilibe nazo vuto. Kungoti mwana wanu uja anamenyedwera chilungamo chimene chikubwera mochedwa. Mumuuze akawafunefune anzake aja, awabwezere."

"Iwe, bukulo sunalimalizepo n'komwe."

"Ndinalimaliza. Pasiteji podikira makasitomala. Ndinachita kutseka mawindo kuti anzanga asandione."

Ofesi ya kampaniyo inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo chikepe chinali chitafa, moti anakwera masitepe a Nesi akupumira pakona iliyonse. M'kati munkanunkhira mapepala atsopano ndi guluu. Makatoni a mabuku anaunjikidwa m'khonde mpaka munthu ankadutsa cham'mbali. Mkonzi anawalandira ndi manja awiri. Anali wamng'ono kuposa mmene mawu ake ankamvekera pafoni, wa magalasi aakulu amene ankangotsetsereka pamphuno.

Anawalowetsa m'chipinda chimene kampaniyo inapatulira malemuwo. M'kabati yagalasi munali chipewa cha yunifolomu, kachitsulo koboolera matikiti, ndi pensulo yotafunidwa kumapeto. Pakhoma panali chithunzi chawo akuoneka aukali, pamene anali asanakalipirepo ngakhale mphaka. Pansi pa chithunzicho panali benchi lija. Banja linalipereka maliro atatha, ndipo tsopano linali lopakidwa vanishi, kutsogolo kwake atamangako chingwe chofiira kuti alendo asakhalepo.

"Mayi, ndisananene zambiri," anatero mkonzi, "dziwani kuti inenso ndine mwana wa bukuli. Ndinalira mpaka amayi anga analibisa pamwamba pa wadiropu. Mathero atsopanowa ndalemba ndine. Ndawalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, poopa kuwalakwira malemu. Mukawamva n'kuvomera, mungosaina apa, basi."

A Nesi anamukonda mtsikanayo nthawi yomweyo. Anatulutsa cholembera m'chikwama n'kuchiika patebulo, chotsegula kale.

Kenako kunalowa wojambula zithunzi wa kampaniyo. Anati zingakhale bwino kwambiri mwana wa mlembi atajambulidwa atakhala pabenchi la bambo ake akumvetsera mathero atsopano, chithunzicho chidzaikidwe kuchikuto chakumbuyo. Anamasula chingwe chofiira. A Nesi anakana kaye mwaulemu, kenako anagwira phewa la mzime n'kudzikweza. Msinkhu anatengera bambo awo, choncho atakhala anapeza kuti mapazi akulendewerabe ngati kale. Anavala nsapato zakuda zopanda zingwe, zimene anagula zokulirapo dala chifukwa mapazi ankawatupa masana.

Mkonzi anakhala pampando patsogolo pawo, anakankhira magalasi m'mwamba, nayamba kuwerenga. Anayambira tsamba limodzi m'mbuyo, pamene nthenga za bakha zayamba kuthothoka ndipo akuchedwa kufika panjanji. Kenako analowa m'zake. Sitima inaima, woyendetsa anatsika n'kumunyamula bakha, n'kumukhazika pambali pake. Anadutsa m'mapiri ndi m'matauni, ana akubayibitsa m'mawindo. Anafika kudziwe lalikulu kumene kunali abakha ena ambirimbiri, ndipo onse anamulandira ndi nyimbo.

Zinali zolembedwa bwino, tisanamizane. A Nesi ankamwetulira n'kumagwedeza mutu. Izi ndi zomwe anapempha tsiku la mvula lija, mwinanso kuposa. Anaona kuti mtsikanayu ali ndi dzanja labwino. Anaonanso kuti katani ya pawindo ikufunika kuchapidwa. Anakumbuka kuti pochoka kunyumba sanatsimikize ngati mpopi wa kuseri anautseka, ndipo anayamba kuganiza ngati n'koyenera kuimbira foni mayi woyandikana nawo kuti akaone. Apo n'kuti bakha akupatsidwa chipewa chakechake cha woyendetsa sitima.

Phaa!

Nsapato yakumanja inauluka, inamenya mwendo wa tebulo n'kukalowa pansi pa kabati yagalasi. Mkonzi anasiya kuwerenga. Wojambula anatsitsa kamera. 

"Achemwali," anatero mzime, mawu ali pansipansi, "kuyambira pamene bakha wakwera sitima, inu mwakhala mukupalasa njinga."

"Ndi mitsempha," anatero a Nesi msangamsanga. "Munthu ukakula miyendo imadumpha yokha. Ndine nesi, ndikudziwa. Werenganinso, mwana wanga."

Mkonzi sanamvetse chimene chachitika, koma anayambiranso. Ulendo uno a Nesi anapanikiza akakolo pamodzi, anakunga zala za kumapazi, n'kugwira m'mphepete mwa benchi ndi manja onse awiri. Mapazi sanagwedezeke ngakhale pang'ono. Mtsikanayo atafika pamzere womaliza n'kukweza maso, a Nesi anazindikira kuti sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Nthawi yonseyo anali kalikiliki kulondera miyendo.

Anachotsa manja m'mphepete mwa benchi. 

"Tawerengani tsamba lakale lija," anatero a Nesi kenako.

Mkonzi anayang'ana pashelefu pamene panali bukulo, koma sanadzuke kukalitenga. Anavula magalasi, anawaika pamiyendo, n'kuyamba kunena pamtima.

"M'mawa mwake sitima inafika, inaliza hutala. Pansi pa thanki panali zii. Inalizanso. Woyendetsa anasuzumira pawindo, anayang'ana pamalo paja, ndipo anavula chipewa ngakhale panalibe womuvulira. Sitima inadikira pang'ono. Kenako inapita, chifukwa sitima zimapita."

Panalibe amene anafunika kuyang'ana pansi, koma onse anayang'ana. Phazi la nsapato ndi phazi la sokosi anali lende, phee, ngati ojambulidwa.

A Nesi analira. Sanalire mwaulemu ngati mayi wamkulu pamaso pa ana, analira ngati kamtsikana kogweluka mano, mapewa akugwedezeka. Anawasowa bambo awo, kusowa kumene sanakupatse mpata pamaliro paja. Moyo wawo wonse ankati munthu uja sanawamvere tsiku la mvula lija. Pabenchipo anaona kuti panalibe munthu wina amene anawamverapo choncho, mpaka kukhulupirira mapazi awo kuposa pempho lawo, n'kulolera kuti mwana wake amukwiyire.

Wojambula anatuluka mwakachetechete. Mkonzi anawapatsa kampango, nayenso maso ali ofiira.

"Pepani mayi, kapena ndalakwitsa penapake? Ndikhoza kukonzanso. Ndikhoza kuchotsa za chipewazo."

"Simunalakwitse. Inenso ndinayesa kwa ana anga, zinangothera kutupitsa mwana mlomo." Anapukuta m'maso, anapinda kampangoko bwinobwino. "Bambo anga anandilola kusintha ndikadzapeza mathero amene mapazi angawa adzakhale nawo chete. Mwaona nokha. Musiyeni bakha afe."

"Akuluakulu akakhumudwa. A makatuni aja ananenetsa kuti imfa saifuna."

"Muwauze abwere adzakhale pabenchi pano, inu muwawerengere. Muwauze avale nsapato zazingwe."

Mkonzi anaseka misozi ili m'masaya. Anatenga pepala losaina lija n'kuliika m'dirowa, kenako anatseka cholembera cha a Nesi n'kuwabwezera.

Mzime anagwada, anapisa mkono pansi pa kabati mpaka phewa, n'kutulutsa nsapato ili ndi fumbi ndi ulusi wa kangaude. Anaipukuta pa thalauza lake.

"Ndiye mwana wanu uja anamenyedwa mwachilungamo," anatero. "Bweretsani phazi, achemwali, titsike. Galimoto ndaimika poletsedwa."

"Dikira pang'ono," anatero a Nesi.

Sanafune kutsika msanga. Anakhalabe pabenchipo manja ali pamiyendo, akuyang'ana pensulo yotafunidwa ija m'kabati. Mzime anadikira pang'ono, nsapato ili m'manja. Kenako anawaveka, anawagwira mkono, ndipo anapita.